9.3x62, .338, .35 Whelen kapena .375: kusankha chipolopolo cha mfuti yosakira nyama zikuluzikulu

Tsiku lina mu Julaye, chiperoni chitaphimba phiri la Zomba mpaka Ku Chawe osaoneka, ndinawauza amalume kuti mnzanga wina waitanidwa kukasaka ku Zimbabwe ndipo akufuna kugula mfuti yamphamvu kuposa zonse. Iwo anagwirapo ntchito zaka zambiri m'misasa ya alenje ku chigwa cha Luangwa. Sanayankhe msanga. Analowa m'nyumba, nabwera ndi kachitini kakale ka mkaka wa ufa, n'kukhuthulira pa tebulo la pakhonde zigoba zinayi za zipolopolo zowombera kale.

"Mphwanga, katenge jakisoni wopanda singano ndi madzi m'kapu."

Tinadzaza chigoba chilichonse mpaka pakamwa. Cha .30-06 chinamwa mamililita 4.4. Cha 9.3x62 chinamwa pafupifupi supuni imodzi ya tiyi, mamililita 5.1. Cha .338 chinafika 5.6, cha .375 H&H chinadutsa 6 pang'ono. "Mwaonatu," anatero. "Phokoso lonse lija, kusiyana kwake ndi madontho awa."

Tisanapite patali, kuno kwathu nkhaniyi ili ndi malire. Mfuti imafuna chiphaso cha polisi motsatira lamulo la mfuti la 1967. Nyama za ku Liwonde, komwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, si zosaka, ndipo lamulo la nyama zakutchire litasinthidwa mu 2017 chilango chopha nyama yotetezedwa kwambiri monga njovu chimafika zaka 30 kundende. Mvuu ikamatha mpunga m'dimba kapena ng'ona ikavuta pa dooko, oitana ndi a nthambi ya boma yoona nyama zakutchire, osati mnansi amene ali ndi mfuti. Osaka mbalame ku Chilwa nawonso izi si zawo. Ndikulembera amene akukasaka mwalamulo ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania, Namibia kapena South Africa, ndi amene akufuna ntchito m'misasa ya kumeneko.

Zoyezera

Choyamba ndi kukula kwa chigoba, gawo lamkuwa lija momwe mumakhala onga. Amayeza ndi madzi monga tinachitira pakhonde paja. Chigoba chachikulu, onga wambiri.

Chachiwiri ndi mphamvu ya mutu wa chipolopolo potuluka m'paipi, yomwe imawerengedwa mu ma joule. Mumatenga theka la kulemera kwa mutuwo, kuchulukitsa ndi liwiro, kenako kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo. Popeza liwiro limalowa kawiri, mutu wopepuka wothamanga kwambiri umaoneka wamphamvu pa pepala kuposa wolemera woyenda pang'onopang'ono, chonsecho pa njati chofunika ndi mutu wolemera wolowa mkati kwambiri osaphwanyika. Ogulitsa amakonda nambala ya ma joule chifukwa ndi yosavuta kuikuza.

Pali kanthu kena kamene ndinaona nditagawa ma joule ndi mamililita a chigoba chilichonse: pafupifupi zonse zimapereka pakati pa 900 ndi 1,000 pa mililita imodzi. Palibe chamatsenga. Chigoba chikakula mphamvu imakwera, ndipo phewa lanu ndi thumba lanu ndizo zimalipira.

Chachitatu ndi m'lifupi mwa mutu, chifukwa malamulo a mayiko ena amayang'ana pamenepo. Ku Zimbabwe, njati, mvuu ndi njovu zimafuna mutu wosachepera mamilimita 9.2 ndi ma joule 5,300, pomwe ntchefu imafuna mamilimita 7 ndi ma joule 4,300. Ku Namibia nyama zikuluzikuluzo zimafuna ma joule 5,400. Ku Tanzania nyama zoopsa zimayambira pa .375, kutanthauza mutu wa mamilimita 9.5.

Chachinayi ndi kukankha kwa mfuti paphewa. Ichi anthu amachibisa chifukwa cha manyazi, koma ndicho chimavulaza nyama zambiri m'malo mozipha.

Poyerekeza, kumbukirani .30-06 yomwe alenje ambiri amayambira: mutu wa magalamu 11.7, mamita 820 pa sekondi, ma joule pafupifupi 3,900. Zonse zisanu zili m'munsizi ndi zazikulu kuposa iyo. Mitengo yeniyeni sindiika, chifukwa zonsezi n'zochokera kunja ndipo zimayenda ndi dola. Ndingonena chodula ndi chotsikirapo.

9.3x62

Anachipanga ndi Otto Bock wa ku Berlin mu 1905, poganizira alimi ndi alenje a m'madera omwe Germany inkalamulira ku Africa, kuphatikiza Tanganyika, kutsidya kwa Songwe. Ankafuna chipolopolo chachikulu cholowa m'mfuti wamba ya Mauser 98 popanda kuisintha. Chigoba ndi mamililita 5.1, mutu wodziwika ndi wa magalamu 18.5, liwiro mamita 720 pa sekondi, mphamvu ma joule pafupifupi 4,800.

Mtengo: pa zonse zisanu, apa ndi pomwe ndalama imapuma. Mfuti zake ndi za msinkhu wamba, ndipo makampani monga Zastava, Tikka ndi Sako amazipanga. Zipolopolo zotsikirapo mtengo za Prvi Partizan ndi Sellier & Bellot zilipo, zomwe zikutanthauza kuti munthu angathe kuyeserera kuwombera kambiri osalira.

Kupezeka: ku South Africa ndi Namibia n'chodziwika bwino. Chinazilala nkhondo yachiwiri itasokoneza mafakitale a ku Germany, koma chinabwereranso, ndipo lero Norma, Lapua ndi RWS onse amachipanga. Komabe m'msasa wa kutchire ku Zambia mwayi wopeza bokosi lake ndi wochepa poyerekeza ndi .375 H&H.

Kusamala: onga wake ndi wochepa poyerekeza ndi kukula kwa paipi, choncho paipi imakhalitsa. Palibe chachilendo chofuna mmisiri wapadera.

Zoopsa: chachikulu ndi lamulo, osati nyama. Zipolopolo zambiri za m'sitolo sizifika 5,300 ya Zimbabwe kapena 5,400 ya Namibia, ndipo ku Tanzania mutu wake wa mamilimita 9.3 ukuperewera pang'ono pa .375, yomwe ndi 9.5. Njati zambirimbiri zagwa ndi chipolopolo ichi kwa zaka zoposa 100, koma wa boma wokhala ndi buku m'manja sawerenga mbiri. Chinanso, kupitirira mamita 200 kapena 250 mutu umayamba kugwa msanga. Samalaninso ndi mayina ofanana: 9.3x64 ndi 9.3x74R ndi zina, si zolowa m'mfuti imodzi.

Ine pano ndimakondera, sindibisa. Chimakankha ngati munthu wokukankhani ndi dzanja lotambasula, osati wokumenyani chibakera.

.338 Winchester Magnum

Chinatuluka mu 1958 ku America, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Alaska, kwa zimbalangondo ndi nyama zazikulu za m'mapiri. Chigoba mamililita 5.6, mutu wa mamilimita 8.6 wolemera magalamu 16.2, liwiro mamita 810 pa sekondi, ma joule pafupifupi 5,300.

Mtengo: mfuti ndi ya mtengo wapakati chifukwa utali wa chipolopolo ndi wamba, pafupifupi mamilimita 85. Zipolopolo n'zodula kuposa 9.3x62 yotsikirapo ija.

Kupezeka: m'masitolo akuluakulu a mfuti ku South Africa chilipo. Kwina konse mumadalira mlendo wa ku America amene anasiya zotsala.

Kusamala: onga wambiri wodutsa pa bowo laling'ono umapsereza poyambira paipi msanga kuposa zinzake pano. Kwa mlenje wowombera kangapo pachaka si nkhani, koma zomangira galasi loonera patali muziziona kawirikawiri, zimamasuka.

Zoopsa: apa ndili ndi chipsera. Pabwalo lina loyeserera kuwombera ku South Africa anandibwereka .338 yopepuka. Ndinakhala pa benchi, n'kusendeza diso pafupi ndi galasi kuti ndione bwino, n'kukoka. Sindinamve ululu nthawi yomweyo, ndinangoona magazi akudontha pa malaya. Mkombero wa galasi unandicheka pamwamba pa nsidze. Choipa kuposa balalo chinabwera pambuyo: kwa miyezi ndinkatsinzina ndi kunjenjemera ndisanakoke, ngakhale ndi mfuti yaing'ono. Kukankha kwa .338 n'kwachangu, kwaukali, chifukwa cha liwiro lake ndi kupepuka kwa mfuti zake zambiri.

Ndiye pali lamulo lija. Ma joule ake akukwana pa njati ku Zimbabwe, koma mamilimita 8.6 sakufika 9.2. Mphamvu ilipo, chilolezo palibe. Pomwe chimapambana zonse ndi pa mtunda wautali: ngoma kapena ntchefu pa mamita 300 m'dera lopanda mitengo, mphepo ikuwomba.

.35 Whelen

Ichi ndi chigoba cha .30-06 chokuzidwa pakamwa kuti chilandire mutu wa mamilimita 9.1. Chinayamba mu 1922, dzina lake likuchokera kwa msilikali wa ku America, Townsend Whelen, ndipo Remington anayamba kuchipanga m'fakitale mu 1988. Chigoba mamililita 4.6, mutu magalamu 16.2, liwiro mamita 730 pa sekondi, ma joule pafupifupi 4,300.

N'chophunzitsa bwino: chigoba chake n'chofanana ndi cha .30-06, koma mphamvu ikuposa ndi ma joule 400, chifukwa mpweya wa onga ukukankha pa thako lotambalala. Pa nguluwe, ngoma ndi mphalapala m'tchire lowirira n'chabwino kwambiri, ndipo phewa silidandaula.

Mtengo wa mfuti ndi wofatsa, kusamala kwake n'kosavuta ngati .30-06. Vuto ndi kupezeka. M'kachitini ka amalume munalibe chigoba chake, ndipo akuti zaka zonse zija sanachionepo ndi maso. Ndi chipolopolo cha ku America, kuno kumwera kwa Africa ndi mlendo. Zoopsa zake ziwiri: ku Zimbabwe chaperewera pa njati mbali zonse, m'lifupi ndi mphamvu, ndipo pa ntchefu chili pamzere penipeni; chachiwiri, chipolopolo cha .30-06 chimalowa m'mfuti ya .35 Whelen n'kuwomba, koma mutu umangopita kulikonse. Amene ali ndi mfuti ziwirizi asasunge zipolopolo m'thumba limodzi.

.375 H&H Magnum

Holland & Holland a ku London anachitulutsa mu 1912. Chigoba mamililita 6.2, mutu wa mamilimita 9.5 wolemera magalamu 19.4, liwiro mamita 770 pa sekondi, ma joule pafupifupi 5,750. Palinso mutu wa magalamu 17.5 womwe umayenda njira yofanana kwambiri ndi ya .30-06, ndiye munthu wozolowera .30-06 sayamba kuphunzira mtunda mwatsopano.

Mukachigwira m'manja mudzaona kuti chigoba chake n'chachitali, chosongokera kutsogolo pang'onopang'ono, chili ndi lamba kumunsi. Maonekedwewo ali ndi chifukwa. Onga wa nthawi imeneyo, cordite, unkakwera mphamvu kukatentha, ndipo chigoba chinkatha kukanirira m'mfuti. Chosongoka chimatuluka mosavuta ngakhale mu Okutobala wa ku Luangwa, fumbi lili paliponse. Zipolopolo zambiri za ku Britain za m'badwo wake zinafa fakitale ya Kynoch itasiya kuzipanga, koma ichi chinapulumuka chifukwa Winchester anachiika mu mfuti yawo ya Model 70 cha m'ma 1930, anthu wamba n'kutha kuchigula.

Mtengo: apa konzekani. Chipolopolo chonse n'chotalika mamilimita 91, ndiye chimafuna mfuti ya thupi lalitali, yolemera ndi yodula. Zipolopolo nazonso n'zodula, makamaka za mutu wolimba za njati ndi mvuu. Chopepukitsa n'chakuti mfuti zogwiritsidwapo kale ntchito ndi zambiri; Brno ZKK 602 ya ku Czechoslovakia yakalamba m'manja mwa alenje ambiri kuno ku Africa.

Kupezeka: palibe chinzake. Pafupifupi kampani iliyonse yaikulu imachipanga, ndipo pafupifupi msasa uliwonse wosaka njati umakhala ndi mfuti ya .375 H&H ndi mabokosi ake. Izi zili ndi phindu lenileni. Pa ndege munthu amaloledwa makilogalamu 5 okha a zipolopolo, zomwe pa .375 ndi zopitirira 100 pang'ono, ndipo chikwama chikasochera pa Johannesburg mudzathokoza kuti munasankha chomwe aliyense ali nacho.

Kusamala: kukankha kwake kumafuna kuti muziona zomangira zonse za thupi la mfuti, ndi thabwa kumbuyo kwa bolt (chitsulo chomwe mumakoka ndi kubwezera polowetsa chipolopolo), pomwe mng'alu umayambira. Paipi yokha imakhalitsa.

Zoopsa: chimakankha pafupifupi kawiri kuposa .30-06, ngakhale kulemera kwa mfuti, makilogalamu 4 kapena kuposa, kumachepetsako ukali. Choopsa china n'cha manja: bolt yake imayenda mtunda wautali, ndipo munthu wozolowera mfuti yaifupi akachita mantha amaikoka theka n'kubwezera, mfuti n'kukhala yopanda chipolopolo njati ikubwera. Amalume akuti mlendo aliyense ankamuyesa zimenezi asanatuluke mumsasa: "Bwana, kokani mpaka imveke kuti gu, musaiope." Ndiponso mutu wolimba umatha kubowola njati n'kukavulaza ina yoima kumbuyo, ndipo yovulalayo imalipiridwa ngati yophedwa.

.375 Ruger

Chatsopano pa zonse, cha mu 2007, chopangidwa ndi Ruger ndi Hornady. Anachotsa lamba, chigoba n'kuchinenepetsa mpaka m'lifupi mwa lambayo, ndiye ngakhale n'chachifupi chimamwa mamililita 6.4. Mutu wa magalamu 19.4 umafika mamita 810 pa sekondi, ma joule pafupifupi 6,400. Pa paipi yaifupi ya masentimita 51 chimafanana ndi zomwe H&H imachita pa masentimita 61.

Mtengo: mfuti yatsopano imatsikirapo poyerekeza ndi ya H&H chifukwa thupi lake ndi la utali wamba. Zipolopolo sizitsika mtengo.

Kupezeka: opanga ake ndi ochepa, wamkulu ndi Hornady mwini. Ichinso munalibe m'kachitini muja. Ndipo musanyengedwe ndi nambala: .375 Ruger silowa m'mfuti ya .375 H&H, ya H&H silowa mu Ruger.

Kusamala n'chimodzimodzi ndi H&H. Zoopsa: onga wochuluka m'mfuti yopepuka ya paipi yaifupi ndiye kuti phewa ndi makutu zonse zimalandira. Phokoso lake popanda zotseka m'makutu limasiya kulira kosatha. Ma joule opitirira 600 owonjezerawo njati siiwazindikira. Mutu ndi womwewo, bowo ndi lomwelo.

Za dzimbiri, zomwe n'za zonse

Kuno ku Zomba mdani wa mfuti si kuwombera, ndi chinyontho. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula, kenako Juni ndi Julaye chiperoni. Ndinaonapo mfuti ya munthu wina wokhala m'munsi mwa phiri itasungidwa miyezi itatu m'chikwama chake cha siponji. Atatsegula, paipi inali ndi madontho ofiira pomwe panagwira zala. Siponji imasunga chinyontho. Mfuti ikhale m'kabati yachitsulo yokhoma, yopakidwa mafuta opyapyala, ndi timapaketi toyamwa chinyontho, zipolopolo zili pena. Musanawombere pukutani mafuta m'paipi. Paipi ya chitsulo chosachita dzimbiri ndi thako la mfuti la pulasitiki sizikongola, koma kuno n'zanzeru.

Ndani atenge chiti

Ngati njati kapena mvuu ili pa chilolezo chanu, kapena mukufuna ntchito m'misasa ya mayiko angapo, tengani .375 H&H. Imadutsa malamulo onse omwe ndatchula ndipo zipolopolo zake mudzazipeza. Ruger itengeni pokhapokha mutatsimikiza komwe mudzagula zipolopolo zaka zikubwerazi, ndipo mutaiwomberapo kale osatsinzina.

Ngati zanu ndi ngoma, mphalapala, ntchefu ndi nguluwe m'tchire la miombo, pomwe nyama imaoneka pa mamita 50 mpaka 150, 9.3x62 ndi yokwana ndi kutsala, ndipo ndalama yomwe mwapulumutsa mugulire zipolopolo zoyeserera. Mukaganiza zodzaigwiritsa pa njati, funsani eni msasa akulembereni kalata yonena ngati dziko lawo likuloleza.

Ngati mukupita kumalo oyera ngati Namibia, kowombera patali, .338 ndi yanu, bola ikhale yolemerako ndipo galasi likhale kutali ndi diso. .35 Whelen ndi ya amene ali nayo kale ndipo ali ndi njira yopezera zipolopolo. Kugula yatsopano muli kuno sindikuonapo chifukwa. Ndipo amene ali ndi .30-06 yomwe amaidziwa bwino, osafuna njati kapena ntchefu ya ku Zimbabwe, asagule kanthu.

Mnzanga uja pomaliza sanagule. Atawerengera chiphaso cha kuno, chilolezo choitanitsa kunja, ndalama zakunja zomwe zikuvuta kupeza, fomu ya SAPS 520 yodutsira ndi mfuti ku South Africa, zonsezi chifukwa cha ulendo umodzi wa masiku 10, analembera eni msasa kufunsa ngati amabwereketsa. Anamuyankha kuti ali ndi .375 H&H ziwiri, amalipiritsa pa tsiku ndi pa chipolopolo chilichonse, ndipo afike tsiku limodzi msanga kuti akaizolowere pa bwalo lawo.